Wotchi Ikanama, Seva Imakana: Mafunso ndi Mayankho

Tsamba lino ndalembera anzanga olemba mapulogalamu amene amalankhulana ndi maseva (makompyuta akutali amene amalandira mapempho a app n'kuyankha), komanso aliyense amene app inamukanizapo kulowa atalemba pasiwedi yolondola. Kawirikawiri munthu amayamba watukwana netiweki, kenako n'kusintha pasiwedi kawiri, osadziwa kuti mwini mlandu ndi kawotchi kali pakona pa sikirini. Mafunso oyamba ndi a aliyense. Kumunsiko nkhani ikulowa m'khitchini mwa olemba mapulogalamu.

Kodi wotchi ikubweramo bwanji pa nkhani yolowa mu akaunti?

Maseva ambiri salandira pempho losalembedwa nthawi. Pulogalamu ikafuna kutumiza pempho, tinene lakuti "chotsani ndalama zakuti mupatse uje", imalembapo nthawi imene lapangidwa. Kenako imatenga mawu a pempholo, nthawi ija ndi kiyi wachinsinsi, n'kuzipera pamodzi m'masamu otchedwa HMAC, ndipo chotulukapo ndi siginecha. Seva nayo ili ndi kiyi yemweyo, choncho imabwereza masamuwo n'kuona ngati masiginecha awiriwo agwirizana. Akagwirizana imadzutsa mutu n'kuyang'ana wotchi yake: pempholi ndi lotentha, kapena ndi mkute?

Imafunsa chonchi chifukwa munthu wina atakopera pempho lanu lili m'njira, angathe kulitumizanso mawa, mkuja, ngakhale kakhumi, ndipo siginecha ikhalabe yolondola poti sanasinthe chilembo n'chimodzi chomwe. Kuba kotereku amakutcha replay attack, ndipo nthawi yolembedwa pa pempho ndi imene imatseka khomo limeneli. Tsoka lake, seva siona wotchi ya foni yanu, imangoona nambala imene yafika. Pempho lakale lobedwa ndi pempho latsopano lochokera m'foni yotsalira nthawi amaoneka chimodzimodzi, ndipo onse amabwezedwa pakhomo.

Wotchi iyenera kuphonya ndi mphindi zingati kuti pempho likanidwe?

Zimatengera mwini seva. Amazon S3, malo a Amazon osungirako mafayilo, imalola mphindi 15, kupitirira apo imayankha 403 ndi mawu akuti RequestTimeTooSkewed. Kerberos, imene makompyuta a Windows a m'maofesi amalowera mu Active Directory, imalola mphindi 5 ngati woyang'anira sanasinthe, ndipo dandaulo lake ndi KRB_AP_ERR_SKEW. Malaibulale a Stripe, kampani yoyendetsa malipiro, amakana webhook (uthenga umene seva yawo imatumiza yokha ku seva yanu) imene yapitirira masekondi 300, ndipo Slack nayo imalangiza mphindi 5. Hawk, njira yosainira mapempho imene anayambitsa Eran Hammer, imalola masekondi 60. Wouma mtima ndi Binance, msika wa ndalama za crypto: mpata wake, recvWindow, umayambira pa mamilisekondi 5,000, ndipo pempho limene latsogola ndi sekondi imodzi yokha pa wotchi ya seva limabwerera ndi nambala -1021.

Mphindi 5 zimene zikuoneka paliponsezi ndi chizolowezi chabe, sizinatsike kumwamba.

Wotchi ya makina imalakwa bwanji? Si makina amene salakwa?

M'kati mwa foni kapena kompyuta muli kamwala ka quartz kamene kamanjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi, ndipo wotchi imangowerenga kunjenjemerako. Palibe kamwala kangwiro. Kophonya ndi magawo 20 pa miliyoni, komwe pa msika kamaonedwa kabwinobwino, kamataya kapena kuwonjezera masekondi pafupifupi 1.7 pa tsiku. Pa mwezi ndi masekondi 52. Pakatha miyezi 6 popanda woikonza, mwadutsa kale mphindi 5 za Kerberos. Kutentha kumasinthanso kathamangidwe kake, ndiye kompyuta ya m'kontena ku Nsanje mwezi wa Okutobala siyenda mofanana ndi ya m'chipinda chozizira.

Kutsetsereka kotereku n'kosavuta kuchiza. Zopweteka mutu ndi zodumpha. Kompyuta ya pa desiki imasunga nthawi ikazimitsidwa chifukwa cha kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032. Kakatha mphamvu, magetsi akangothima kompyuta imadzuka ili m'chaka china chakale. Raspberry Pi zonse Pi 5 ya 2023 isanabwere zinalibiretu wotchi ya batire, ndipo marauta ambiri ndi timakina ta ESP32 n'chimodzimodzi. Tambiri timadzuka tikuganiza kuti ndi pa 1 Januwale 1970, tsiku limene makompyuta a Unix amayambira kuwerenga masekondi.

Kwathu kuno kumene magetsi amathimathima, izi si za m'buku. Ndinathapo masabata atatu pa ofesi ina ndikusaka chimene chinkachititsa kompyuta ina kukana kulowa m'sisitimu Lolemba lililonse m'mawa, n'kumachira yokha cha m'ma 10 koloko. Loweruka ankazimitsa masoketi onse, kabatire kanali katafa kalekale, ndipo NTP, njira imene makompyuta amafunsira nthawi yolondola pa netiweki, inkabwera kudzakonza mochedwa. Kabatire kamodzi kanathetsa mlandu.

Kompyuta yokhala ndi Windows ndi Linux pamodzi ili ndi matenda akeake. Windows imasunga nthawi ya kwanuko m'wotchi ya pa motherboard, pomwe Linux imasungamo UTC, nthawi imodzi ya dziko lonse imene madera onse amawerengera kuchokerapo, ndiye mukachoka kwina kulowa kwina wotchi imadumpha maola 2 ndendende kwa ife kuno. Tisaiwalenso anthu: otsogoza wotchi ndi mphindi 10 kuti asachedwe ku ntchito, ndi ana oikankhira kutsogolo kuti gemu iwapatse miyoyo ina.

Foni yanga ikugwirizana ndi nthawi ya pa wailesi, koma app ikuti wotchi yalakwika. Wabodza ndani?

Mwina palibe wabodza. Foni sisunga nthawi imene mumaona pa sikirini. Imasunga UTC, n'kuwonjezerapo maola a dera limene ikuganiza kuti ili. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe tonse tili pa UTC+2, South Africa chimodzimodzi.

Tsono tinene kuti mwagula foni yochokera ku Dubai, kumene ndi UTC+4, ndipo dera silinasinthidwe. Mwaona kuti yatsogola ndi maola 2, mwaibweza pamanja kufika pa 10:00. Pamaso panu zakoma. Koma foniyo ikuchotsera maola 4 n'kupeza kuti UTC ndi 06:00, pomwe yeniyeni ndi 08:00, choncho pempho lililonse likutuluka ndi nthawi ya maola 2 apitawo. Foni imene achimwene anatumiza kuchokera ku London ikakonzedwa mwanjira yomweyi imatsogola: maola 2 m'miyezi yozizira ya kumeneko, ola limodzi m'miyezi yawo yotentha.

Mankhwala ake ndi kusintha dera, manambala a wotchi musawakhudze. Sankhani Blantyre, Lusaka, Harare kapena Maputo, zonse n'chimodzi. Pa Windows pamalembedwa "Harare, Pretoria". Amene amafika ku malire a Songwe amadziwa kuti foni ikagwira netiweki ya Tanzania, kumene ndi UTC+3, imatha kudumpha ola limodzi. Kudumpha kumeneko n'kwa pa sikirini pokha, UTC ya m'kati sinasunthe, ndipo ma app amagwirabe ntchito. Zinthu zimaonongeka pamene mwini foni "waikonza" pamanja.

Sindine katswiri. Ndingokonza bwanji?

Pa Android lowani mu Settings, pezani Date & time, yatsani kuti nthawi ndi dera zizidziika zokha. Pa iPhone ndi General, Date & Time, Set Automatically. Pa Windows dinani Sync now kapena lembani w32tm /resync. Pa Linux, timedatectl set-ntp true. Tsamba la time.is limakuuzani masekondi amene wotchi yanu yaphonya. Ngati kompyuta imaiwala tsiku nthawi zonse ikazimitsidwa, kaguleni CR2032.

Nanga manambala 6 a Google Authenticator aja amakanidwa chifukwa chiyani?

Manambala amenewo ndi wotchi yovala chigoba. Njira yake ndi TOTP, yolembedwa mu RFC 6238 ya 2011 (ma RFC ndi zikalata zolongosola kayendedwe ka intaneti). App imatenga masekondi amene apita chiyambire 1970, n'kuwagawa ndi 30, ndipo yankho lake imalipera ndi kiyi amene munamutenga pojambula QR code. Seva imachita zomwezo ndi wotchi yake. Foni sifunsa seva kalikonse, n'chifukwa chake manambalawo amatuluka ngakhale mulibe bandulo. Ubwino umenewu ndi umenenso uli chilema chake, poti palibe njira yakuti seva inene kuti "bwanawe, wotchi yako yatsalira".

Maseva ambiri amalandiranso manambala a masekondi 30 apitawo, ena ndi a masekondi 30 akubwerawo. Kupitirira apo n'kuthandiza wongoyesa mwayi, chifukwa gawo lililonse limene mwawonjezera ndi nambala inanso yolondola mwa miliyoni imodzi. RFC yomweyo imalola seva kukumbukira kuti chipangizo cha uje chimatsalira ndi magawo awiri, n'kuyambira pamenepo ulendo wotsatira. Izi zimathandiza kwambiri pa timakina ta m'manja totulutsa manambala, timene sitimva NTP ndipo timatsetsereka chaka ndi chaka. Manambala amene alandiridwa kamodzi asalandiridwenso, ngakhale masekondi ake 30 asanathe.

Ndikulemba API, khomo limene mapulogalamu ena amatumizako mapempho. Bwanji osangokulitsa mpata kufika tsiku lathunthu, madandaulo athe?

Walira mvula walira matope. Mpata wa tsiku ukutanthauza kuti pempho lobedwa likhala lamoyo tsiku lonse. Mungati muliteteza ndi nonce, nambala yogwira ntchito kamodzi kokha imene pempho lililonse limanyamula, monga OAuth 1.0 inkachitira ndi oauth_timestamp ndi oauth_nonce. Zoona, koma seva iyenera kukumbukira nonce iliyonse mpaka pempho lake litasasa. Pa mphindi 5 ndi kamndandanda kokwana bwino mu Redis, nkhokwe ya deta yofulumira. Pa maola 24 kakula maulendo 288. Dziwaninso kuti mpata umayang'ana mbali ziwiri: pempho lofika litatsogola ndi mphindi 5 limakhalabe lovomerezeka kwa mphindi 10, ndiye nonce yake musaifufute msanga. Ndipo mutavutika chonsechi, kachipangizo kodzuka mu 1970 kakanidwabe.

Ndiye njira yabwino ndi iti?

Lekani kukhulupirira wotchi ya chipangizo, koma musalimbane nayonso, ndi ya mwini foni. Pa mlandu uwu woweruza ndi seva. Pulogalamu yanu iphunzire kuti wotchi ya foni yasiyana bwanji ndi ya seva, isunge nambala imeneyo, n'kumaiwonjezera posaina pempho lililonse.

Masamu ake ndi omwe NTP imagwiritsa ntchito, ongopepukitsidwa. Lembani nthawi ya foni potumiza, lembaninso yankho likafika. Tinene munatumiza 10:00:00, yankho lafika 10:00:02, ndipo seva yati kwa iyo inali 10:07:01. Pakati pa ulendowo wotchi ya foni inali pa 10:00:01, ndiye foni yatsalira ndi mphindi 7. Kuphonya kwanu sikungapose theka la ulendo, sekondi imodzi pa chitsanzo ichi. Ngakhale pa netiweki ya kumudzi imene yankho limatenga masekondi 8, kuphonyako sikupitirira masekondi 4, kanthu kochepa pa mpata wa mphindi 5. Wofuna kuyandikira kwambiri afunse katatu n'kutenga yankho limene labwera msanga kuposa enawo.

Kayendedwe kake n'kotere. Tumizani pempho. Likakanidwa chifukwa cha nthawi, werengani kusiyana kuchokera m'yankho lokanalo, sainaninso ndi nonce yatsopano, tumizaninso kamodzi. Kamodzi kokha. Likakanidwanso ndiye kuti vuto ndi lina, ndipo kubwerezabwereza kungomaliza bandulo ndi batire la munthu. Si nzeru yatsopano ayi. Ma SDK (malaibulale a olemba mapulogalamu) a AWS, maseva obwereketsa a Amazon, amadzikonza okha chonchi akalandira RequestTimeTooSkewed, Kerberos ya MIT ili ndi kdc_timesync yochita zomwezo, ndipo Binance inaika /api/v3/time kuti mufunse musanayambe.

Seva nayo ili ndi udindo wake. Dandaulo la nthawi likhale ndi dzina lakelake, losiyana ndi la siginecha yolakwika, ndipo linyamule nthawi ya seva. Yambani mwatsimikiza siginecha, nthawi pambuyo. Mukatero mudziwa kuti amene mukumuthandizayo ali ndi kiyi woona. API yongoti 401 popanda chifukwa ili ngati mlonda wongopukusa mutu pa geti.

Pulogalamu ikadzikonza, mwini foni musamuuze kanthu. Zikakanika, musalembe kuti pasiwedi yalakwika, mungamuchititse kusintha chinthu chabwinobwino. Lembani zoona zake: "Wotchi ya foni yanu yatsalira ndi maola 2. Yatsani nthawi yodziika yokha mu Settings." Kusintha wotchi yake inuyo musayese. Pa Android ndi iOS app wamba siloledwa n'komwe, ndipo pa kompyuta musokoneza mapulogalamu ena amene simukuwadziwa.

Yankho la HTTP limabwera kale ndi header ya Date. Singakwanire?

Nthawi zambiri imakwanira, bola mudziwe misampha yake. Imathera pa sekondi, ilibe mamilisekondi. Kwa S3 palibe kanthu, kwa Binance n'kuyenda m'mphepete mwa phompho. Yankho lochokera m'cache, mosungira mayankho akale, limatha kubwera ndi Date ya dzulo, ndipo muyenera kuwerenganso header ya Age. M'browser, JavaScript siona Date ya seva ya domain ina pokhapokha sevayo itaitchula mu Access-Control-Expose-Headers. Anthu amatha madzulo onse akudabwa kuti ikubwera null bwanji pomwe mu DevTools ikuoneka. Ndipo mukafunsa pa HTTP wamba, Wi-Fi ya ku hotelo kapena tsamba lokuuzani kuti bandulo yatha lingayankhe m'malo mwa seva yanu, ndi wotchi yakeyake.

Ine ndimakonda kuika nthawi m'kati mwa yankho lokana, monga nambala ya mamilisekondi chiyambire 1970, pamodzi ndi Cache-Control: no-store. Nambala yotere ilibe dera, ilibe dzina la mwezi, palibe chomasulira molakwika.

Kodi wakuba sanganamize pulogalamu yanga za nthawi?

Angathe, ndipo chinyengo chake n'chochenjera. Atakhala pakati pa foni ndi seva, amayankha kuti "wotchi yako yatsalira, panopa ndi mawa 9 koloko". Pulogalamu imamvera, n'kusaina pempho la mawa. Iye salipereka, amalisunga m'thumba mpaka mawa 9 koloko, mwiniwake ataiwala kale, ndipo seva imalilandira ngati lotentha. Nonce sithandiza pano poti seva sinalionepo.

Choncho nthawi ilandiridwe pokhapokha yadzera m'HTTPS yotsimikizidwa bwino, kapena yabwera ndi siginecha. Hawk inaganizira zimenezi: ikakana pempho imatumiza ts, nthawi ya seva, pamodzi ndi tsm, siginecha ya nthawiyo yopangidwa ndi kiyi wa wopemphayo. NTP, imene David Mills anailemba mu RFC 958 mu 1985 intaneti idakali mudzi wa anthu odziwana, ambiri amaiyendetsa pa UDP port 123 popanda chitetezo. Chigamba chake ndi NTS, RFC 8915 ya 2020, imene chrony, pulogalamu yokonza wotchi pa Linux, imaidziwa ndipo time.cloudflare.com imapereka. Palinso Roughtime, yochokera ku Google, imene mayankho ake amasainidwa moti seva yonama imagwidwa ndi umboni.

HTTPS yomweyo ikukana chifukwa cha wotchi. Nthawi ndiitenga kuti tsopano?

Apa ndiye kiyi watsekeredwa m'nyumba momwemo. Setifiketi iliyonse, chiphaso chimene seva imadzitsimikizira nacho pa HTTPS, ili ndi tsiku loyambira ndi lothera, notBefore ndi notAfter. Chipangizo chimene chili mu 1970 chimaona masetifiketi onse a padziko ngati osabadwa, ndipo Chrome imalemba NET::ERR_CERT_DATE_INVALID. Let's Encrypt imabweza nthawi yoyambira ya masetifiketi ake ndi ola limodzi pochitira chifundo mawotchi otsalira pang'ono, koma ola silingathandize wotsalira ndi zaka 50.

Pa foni ndi laputopu, uzani mwiniwake akonze. Timakina topanda munthu, monga mita ya pa mpope wa madzi kapena kabokosi ka sola, timafuna kukonzekereratu. Kachipangizo kasavomereze nthawi yakale kuposa tsiku limene firmware yake inapangidwa. Kazilemba nthawi pa disiki pafupipafupi kuti kakadzuka kayambire pomwe kanalekezera, monga fake-hwclock ndi systemd-timesyncd zimachitira. Kenako kadikire NTP, GPS kapena nthawi ya netiweki ya mafoni kasanayese kulankhula ndi seva. Magetsi akabwera rauta imachedwa kudzuka kuposa kachipangizo, ndiye kudikirako kukhale koleza mtima.

Njira yachidule imene mudzaipeza paliponse ndi yozimitsa kutsimikiza setifiketi, verify=False. Imagwira ntchito, monga momwe kugulula chitseko kumathetsera vuto la kiyi wotayika.

Ndasunga kusiyana kuja, kenako wotchi ya foni yasintha. Zitha bwanji?

Nambala yanu yasanduka bodza. Inali yokonza mphindi 7, foni yadzikonza yokha pa netiweki, tsopano ndinu amene mukutsogoza mapempho ndi mphindi 7. Kubwereza kamodzi kuja kumachiza zimenezi, mungotayapo pempho limodzi. Wosafuna kutaya ngakhale limodzilo amangirire nthawi ya seva ku wotchi ina imene chipangizo chili nayo, yongowerenga kuchokera pamene chinayatsidwa, imene munthu sangaibweze. Pa Android ndi SystemClock.elapsedRealtime, pa Linux CLOCK_BOOTTIME. Samalani ndi abale awo, uptimeMillis ndi CLOCK_MONOTONIC, amene amaima chipangizo chikagona tulo. Foni ikazimitsidwa n'kuyatsidwanso wotchi imeneyi imayambiranso pa 0, ndiye zosungidwa zakale zitayidwe.

Akuluakulu nawonso anapsapo. Pa 1 Januwale 2017, sekondi yowonjezera (imene nthawi zina imawonjezeredwa pa UTC) ya kumapeto kwa 2016 itangolowa, pulogalamu ya DNS ya Cloudflare yolembedwa mu Go inachotsera nthawi ziwiri n'kupeza nambala yochepera 0, ndipo mapempho ena anayamba kulephera. Go 1.9, yotuluka chaka chomwecho, inayamba kuyeza kutalika kwa nthawi ndi wotchi yosabwerera m'mbuyo.

Nanga ma JWT?

Tokeni ya JWT, chiphaso chimene seva imapereka munthu akalowa, imatha kunyamula nthawi zitatu: iat, pamene inapangidwa, nbf, pamene iyambire kugwira ntchito, exp, pamene ithere. RFC 7519 ya 2015 imalola wotsimikiza kupereka kampata kochepa, kosaposa mphindi zowerengeka. Pakati pa maseva anu, ine ndimaona kuti masekondi 30 mpaka 60 ndi okwanira. Popanda kampatako mudzaona tokeni yobadwa kumene ikukanidwa kuti sinayambe, chifukwa seva yoipanga yatsogola ndi masekondi 2 okha. Laibulale ya Microsoft ya .NET imapereka mphindi 5 mwakachetechete, ndipo oyesa amadabwa kuona tokeni ya mphindi imodzi ikugwirabe ntchito mphindi yachisanu.

Cholakwa chachikulu chili ku app: kuyerekeza exp ndi wotchi ya foni. Foni yotsogola ndi maola 2 imaona tokeni ya ola limodzi ngati yakufa ikangofika, imapempha ina, nayonso yakufa, munthu n'kumangozungulira pa tsamba lolowera. OAuth 2.0 inapereka chabwino: expires_in, chiwerengero cha masekondi otsala, mwachitsanzo 3600. Werengani amenewo pa wotchi yosabwerera ija, ndipo 401 ikabwera pemphani tokeni ina osatsutsana ndi seva.

Kodi sizingatheke kuichotseratu wotchi pa nkhaniyi?

Zimatheka. Seva ndi imene ipereke nonce, pulogalamu iisaine n'kuibweza. Seva ikudziwa yokha pamene inaipereka, ndiye wotchi ya foni ilibenso mawu. WebAuthn ndi ma passkey amayenda chonchi, ACME imene Let's Encrypt imaperekera masetifiketi ili ndi Replay-Nonce, ndipo DPoP, RFC 9449 ya 2023, ili ndi DPoP-Nonce. Choipa chake ndi ulendo wina wokatenga nonce, umene umamveka kuwawa pa netiweki yofooka. ACME inauchepetsa poika nonce yatsopano m'mayankho ake, kotero ulendo wapadera ndi woyamba wokha. Ndikanakhala ndikuyamba API yatsopano ya timakina topanda wotchi ya batire, ndikanalowera kumeneku.

App yathu imagwira ntchito kumudzi kopanda netiweki n'kutumiza zonse madzulo. Bwanji mapempho onse akukanidwa?

Mwasaina msanga. Mlangizi akalemba fomu 9 koloko m'mawa n'kukapeza netiweki pa msika 5 koloko madzulo, pempho losainidwa m'mawa likufika lili mkute. Sungani zolembazo zosasaina, siginecha ipangidwe pa nthawi yotumizira. Nthawi imene fomu inalembedwa ikhale m'kati mwa deta ngati nkhani chabe, ndipo seva ilembe pambali pake nthawi imene yalandira. Fomu iliyonse ikhale ndi nambala yakeyake kuti ikatumizidwa kawiri isalowe kawiri.

Bwanji ngati yolakwa ndi wotchi ya seva yanga?

Pamenepo aliyense akanidwa nthawi imodzi, ndipo mudziwa msanga. Choipa kwambiri ndi pamene seva imodzi mwa zinayi yasochera yokha, pempho limodzi mwa anayi n'kumalephera mopanda dongosolo. Ikani chrony, ipatseni magwero atatu kapena anayi, monga a pool.ntp.org, ndipo zotuluka mu chronyc tracking zikhale m'gulu la zimene mumayang'anira. Pa AWS pali 169.254.169.123 pafupi. Onetsetsani kuti firewall sinatseke UDP 123, chifukwa NTP ikatsekeredwa sikuwa, imangokhala chete wotchi n'kumatsetsereka. ntpd ili ndi khalidwe lina: ikapeza kuti wotchi yaphonya kuposa masekondi 1,000 imangodzitseka osakonza, pokhapokha munaiyatsa ndi -g.

Musasakanize magwero omwaza sekondi yowonjezera pa maola 24, monga time.google.com, ndi oiika nthawi imodzi. GPS nayo si mngelo: mitundu ina ya gpsd inali ndi chilema chakuti pa 24 Okutobala 2021 tsiku libwerere m'mbuyo ndi masabata 1,024, kufika mu Malichi 2002.

Ndiyese bwanji zisanafike kwa anthu, nanga zikafika ndiziona bwanji?

Pa Linux, libfaketime imanamiza pulogalamu imodzi yokha osakhudza makina onse. Yesani kutsalira ndi kutsogola kwa mphindi 6, maola 2, chaka chathunthu, 1970, ndi tsiku lopitirira 19 Januwale 2038, pamene nambala ya masekondi ya 32-bit idzasefukire. Yesaninso kusintha wotchi app ili m'kati mogwira ntchito. Za 1970 chitirani pa emulator: mu 2016 ma iPhone a 64-bit ankakanika kuyakanso akaikidwa pa 1 Januwale 1970, mpaka Apple inakonza mu iOS 9.3.

Zikafika kwa anthu, seva izilemba kusiyana kwa nthawi pa pempho lililonse losainidwa bwino, lolandiridwa ndi lokanidwa lomwe. Ngati app imadzikonza yokha, itumize m'header yapadera kusiyana kumene yapeza, apo ayi mudzangoona ma 0 okhaokha. Pakatha sabata manambalawo amayamba kulankhula. Mulu wa pa 3,600 kapena 7,200 ndi mafoni a dera lolakwika. Wa pa 600 ndi aja oopa kuchedwa ku ntchito. Chipangizo chimene nambala yake ikukwera ndi sekondi imodzi kapena ziwiri tsiku lililonse chasiya kumva NTP, ndipo mutha kuwerengeratu tsiku limene chidzadutse mpata wanu. Nambala yoposa 1,700,000,000 ndi kachipangizo kodzuka mu 1970. Imbani foni mufunse ngati kumeneko magetsi anathima usiku.